Chaka Chimene Ankati Ndikumanga Mvula kwa Mbenje

Kwa Katunga, zaka zanga zoyamba pa ntchito

Tereza ndi Antonyo, za ubwana wanga kwa Malemia munazimva kale kwa agogo anu, ndipo iwo ankazikometsera kuposa momwe ine ndingathere. Ndiyambira pa tsiku limene ndinatsika basi kwa Katunga, ku Chikwawa, ndili ndi sutikesi ya malata ndi mphasa. Bungwe limene linandilemba linali la kafukufuku wa zanyengo. Dzina lake ndalisiya dala, chifukwa muli anthu abwino amene akugwirabe ntchito mmenemo. Ananditenga chifukwa ndinakhoza bwino masamu, ndipo ananditumiza ku Chigwa chifukwa anyamata onse amene tinaphunzira nawo anakana kubwera kuno. Ntchito yanga inali yoyeza mvula, kutentha ndi mphepo, n'kutumiza manambalawo ku Blantyre. Choyezera kutentha chikasweka tinkadikira miyezi. Mapepala akatha ndinkalemba kuseri kwa makatoni a sopo.

Bwana wathu anali a Kachingwe. Ankatsika phiri m'mawa pa galimoto ya bungwe, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atabwerera kale. Sanagonepo kuno ngakhale kamodzi. Chigwa chathu ankachitcha ng'anjo. Ulendo wawo woyamba anandifunsa, ataima pakati pa amayi amene ankagulitsa masawu, kuti, "Kodi anthu akuno amamva Chichewa?" Ndinawayankha kuti, "Akumva, bwana, ndipo akumvaninso panopa." Anaseka, nandiuza kuti ndili ndi pakamwa. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti munthuyu sanasinthe mwadzidzidzi. Anali wotero kuyambira pachiyambi.

Kwa Mbenje, chaka chimene Antonyo anabadwa

Anandisamutsira kwa Mbenje chifukwa kunabwera makina atsopano, ndipo ankafuna munthu wodziwa masamu komanso wolankhula Chisena. Makinawo anabwera ndi mayi wina wa ku Ulaya, Dokotala Helena, wamtali, wopsa khungu ndi dzuwa lathu mpaka kusupuka. Iyeyu ndiye anandiphunzitsa zimene ndikufuna kuti nanunso muzimvetse, chifukwa popanda zimenezi nkhani yonseyi ingaoneke ngati yopusa.

Kumwamba kwambiri, kupitirira mitambo ndi kumene kumadutsa ndege, kuli mpweya wotchedwa ozoni. Ambiri amaudziwa kuti umatitchinga ku ukali wa dzuwa. Helena ankafufuza china. Ozoni akatenthedwa amatulutsa kuwala kumene maso saona, kofanana ndi kutentha kumene umamva pa tsaya ukayandikira khoma la njerwa dzuwa litangolowa. Kuwalako amati infuraredi. Pa kompyuta yake anali atagawa thambo m'magawo osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale, ndipo masamu ankaneneratu kuti gawo lililonse litulutsa kuwala kochuluka bwanji. Vuto linali magawo a pamwamba penipeni. Kumeneko mpweya ndi wochepa kwambiri moti tizidutswa take sitigundana pafupipafupi, ndiye masamu ozolowereka amanama. Helena ankafuna miyeso yeniyeni kuti aziyerekeza ndi zimene kompyuta ikunena, aone pamene masamuwo akuphonya. Makina athu anali bokosi lalikulu m'kanyumba ka njerwa, lokhala ndi galasi loyang'ana kumwamba kudzera pa chibowo cha padenga. Chibowocho chinali ndi chivindikiro.

Ndinamufunsa Helena tsiku lina kuti bwanji anasankha malo otentha ndi otsika chonchi, pamene iye mwini ankadandaula kuti chinyezi cha mtsinje chikuphimba kuwalako. Anandiuza mosabisa kuti makinawo amayenera kukhala pamwamba pa phiri, koma thandizo limene bungwe linapeza linali la maboma ovutika ndi chilala ndi madzi osefukira, ndipo a Kachingwe anati akaikidwe ku Nsanje kuti opereka thandizowo asangalale. Choncho dzina la kuvutika kwathu ndi limene linagula makinawo, ngakhale makinawo analibe chochita ndi kuvutikako.

Pa tsiku lotsegulira kunabwera anthu ambiri. Kunali oimba mavalimba, kunali alendo a masuti. A Kachingwe anatenga chimkuzamawu, ndipo ine ndinaimikidwa pambali pawo kuti ndizimasulira m'Chisena. Ananena mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira chifukwa anadutsanso pakamwa panga: "Anthu a kwa Mbenje, kuyambira lero nkhani ya mvula muisiye m'manja mwathu. Makina awa ndi oyang'anira kumwamba. Chilala chisakudetseninso nkhawa." Ndinaima kaye, n'kuwanong'oneza kuti, "Bwana, makinawa sakhudzana ndi mvula." Anandiyankha akumwetulirabe kwa anthu kuti, "Masulirani, mayi. Mukufuna ndiwauze za ozoni? Amva chiyani?" Ndinamasulira. Anthu anaomba m'manja, amayi analulutira. Helena sankamva chilankhulo chilichonse mwa ziwirizo, ndipo nayenso anaomba m'manja.

Kenako onse anapita. Tinatsala awiri, ine ndi mlonda wathu, a Zuze, bambo wachikulire amene anabwera kuchokera ku tsidya nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika konkuno. Anali munthu wosalankhulalankhula. Iwe Antonyo, ndi iwowo amene ankakunyamula ine ndikakwera makwerero kupita padenga.

Kagwiridwe ka ntchitoyo kanali kotere. Makinawo saona bwino kukakhala mitambo, ndipo madzi akalowa pa galasi ndiye kuti awonongeka. Choncho kumwamba kukayera ndinkakwera n'kutsegula chivindikiro, mitambo ikayamba kusonkhana ndinkathamanga kukatseka. Komanso kachipangizo ka m'kati kankafuna kuzizira koopsa, ndiye tinkathiramo nayitrojeni wamadzi, amene ankabwera kuchokera ku Blantyre m'chibotolo chachitsulo. Nayitrojeniyo amauluka yekha. Dalaivala akaima pa Dyeratu kudya kanyenya, akaimanso ku Nchalo kuona chibwenzi, ankafika kwa Mbenje botolo lili theka. Nthawi zina silinkabwera n'komwe chifukwa galimoto inali itaperekeza a Kachingwe ku ukwati. Ndikadandaula ankati, "Inu a ku Chigwa mumakonda kulira."

Komabe ntchitoyo ndinaikonda, sindibisa. Helena anandisiyira kompyuta yokhala ndi masamu ake ndipo anandiphunzitsa kuiyendetsa. Pa galasi la kompyuta pankatuluka mizere iwiri, wina wa zimene masamu aneneratu, wina wa zimene makina athu aona. Tsiku lina la mu Julayi, kumwamba kuli mbee, mizere iwiriyo inagona pamodzi pafupifupi ponseponse. Ndinaitana a Zuze kuti adzaone. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Pyadidi, zili bwino, mai. Nanga tsopano zitithandiza chiyani?" Ndinawauza kuti zithandiza anthu kudziwa momwe kumwamba kumatenthera ndi kuzizira. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kubwerera pa mpando wawo.

Chaka cha chilala

Mvula inagwa kamodzi kumayambiriro, anthu anabzala, ndipo inaleka. Mapira anamera n'kupserera. Anabzalanso mchewere, nawonso unauma. Pofika Januwale amayi anali atayamba kulowa m'madambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yodyedwa pa njala, kumene kuli ng'ona. Mitambo inkabwera masana kuchokera ku tsidya, n'kuima, n'kubalalika. Ndipo ikabalalika ine ndinkakwera padenga n'kutsegula chivindikiro, monga mwa ntchito yanga, pamaso pa aliyense wodutsa pa msewu.

Munthu woyamba kundilankhula anali mayi Fatima, amene ankatsogolera gulu la amayi a madimba, mayi wanzeru amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anandipeza pa mjigo, n'kudikira kuti ena achoke.

"Mai a Tereza, ndikufunseni. Chinthu chanu chija chikatsegulidwa, bwanji kumwamba kumakhala kopanda mtambo?"

"Ndimatsegula chifukwa mitambo yachoka kale, mayi. Sikuti imachoka chifukwa ndatsegula."

"Inu mukutero. Koma ife timaona chotsegula ndi dzuwa, chotseka ndi mitambo. Ndipo bwana wanu anati mvula tiisiye m'manja mwanu. Munatiuza ndinu, ndi pakamwa panu, m'Chisena."

Ndinayesa kufotokoza za ozoni ndi za magawo a kumwamba. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ngati sichikhudza mvula, ndiye anatinamiza tsiku lija. Ngati chikukhudza, ndiye mukutipha. Musankhe chimodzi, koma abwere mwini wakeyo adzatiuze yekha." Mpaka lero sindinapeze cholakwika m'mawu amenewo. Anthu amene amaseka nkhaniyi sanaimepo pa mjigo uja.

Ndinaimbira a Kachingwe. Ndinawapempha kuti atsike, aime pomwe anaima paja, anene kuti analankhula mopitirira. Anati ali ndi msonkhano ku Mangochi. Ndinapempha chilolezo choti nditseke chivindikiro mpaka mvula itagwa. Anakana, nati chilalacho ndi mwayi, chifukwa kumwamba kouma chonchi sikupezeka chaka chilichonse, ndipo Helena akudikira miyeso. Mawu amenewo, akuti chilala ndi mwayi, anawanena sabata imene tinaika m'manda mwana wa mnansi wathu. Ndinaimbanso kangapo. Pomaliza anati, "Mayi Rozina, munthu wophunzira ngati inu mukuopa zikhulupiriro za kumudzi? Mlonda muli naye. Makina amenewo ndi odula kuposa mudzi wonsewo. Mukawasiya, ntchito yanu yatha." Ndinalembera Helena, koma uthenga wake unabwerera wokha wonena kuti ali pa tchuthi.

Anthu analeka kugula m'golosale ya bambo anu. Iwe Tereza unabwera kuchokera ku sukulu ukulira chifukwa anzako anakana kukhala nawe pa desiki. Bambo anu anandiuza kuti, "Siya kutsegula chinthucho, Rozina. Amene akukulamulayo ali kutali, miyala ikadzabwera idzagwa pa denga lathu." Ndinawayankha kuti ndikasiya ndiye kuti ndavomereza bodza. Tinakangana kwambiri sabata imeneyo.

Lamulungu m'mawa tili m'tchalitchi, anyamata ena anapita ku kanyumba kaja ndi mipini ya makasu. A Zuze anaima pa khomo. Sanawamenye, sanawatukwane, anangoti, "Nkhabe, pano sipolowa," chifukwa ndi zimene anawalembera ntchito. Mwala unawapeza pa diso lakumanzere. Anyamatawo ataona magazi anathawa. A Zuze ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira chitseko, atagwira nkhope ndi chipewa chawo, kiyi ili m'dzanja lina. Tinawakweza pa kabaza mpaka ku chipatala. Diso silinapulumuke.

Ndili pa khonde la chipatala ndinaimbira a Kachingwe. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga makina ali bwanji?"

Ndinadula foniyo. Mawa lake ndinatuma uthenga kwa mayi Fatima kuti aitane aliyense amene akufuna kuona. Anabwera ambiri, ndipo ena mwa anyamata aja anali kumbuyo. Ndinatsegula chitseko n'kuwalowetsa pang'onopang'ono kuti aone bokosi, mawaya ndi kompyuta. Ndinawauza m'Chisena ndi m'Chimang'anja kuti bwana ananama tsiku lija ndipo ine ndinamasulira bodzalo, kuti makinawo sangaitane mvula ndiponso sangaibweze, komanso kuti munthu wataya diso chifukwa cha chinthu chosapha ngakhale ntchentche. Ndinali ndi ukali waukulu. Kenako ndinatenga sipanala, n'kumasula galasi loyang'ana kumwamba lija. Ndinkadziwa kuti kuno kulibe munthu wotha kulibwezera pamalo pake molondola, ndipo kuti ndikuthetsa ntchito imene ndinkaikonda kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Ndinalikulunga m'chitenje n'kulipereka kwa mayi Fatima kuti alisunge kwawo. Ndinati, "Tsopano makina afa. Muone ngati mvula ibwere chifukwa cha zimenezi."

Sabata isanathe mvula inagwa, yamphamvu, usana wonse.

Ana anga, ndinaima pa khonde n'kumaiyang'ana, ndipo sindinadziwe ngati ndithokoze Mulungu kapena ndilire. Inali nthawi yake, inkayenera kugwa basi, ngakhale galasi likanakhala pamalo pake. Koma ndani akanandimveranso? Anthu ankadutsa akuvina m'matope, ena ankandiimikira dzanja n'kumati, "Takhuta, mai, mwaimasula." Kuthokoza kumeneko kunandipweteka kuposa miyala. Mayi Fatima okha ndi amene anabwera madzulo, atanyowa, n'kukhala pa mkeka. Kenako anati, "Ine sindikudziwa chimene ndikhulupirire. Koma za a Zuze talakwa tonse."

Blantyre, miyezi yotsatira

Anandiitana ku likulu kukayankha mlandu wowononga katundu wa bungwe. M'chipindamo munali akuluakulu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo anali a Kachingwe eni ake. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa tsiku lotsegulira. A Kachingwe anati sananenepo mawu otero. Anati iwo analankhula za kafukufuku basi, ndipo ngati anthu anamva za mvula, ndiye kuti womasulira ndi amene anawonjezera zake m'Chisena, chilankhulo chimene iwo sachidziwa. Ndinawayang'ana kumaso n'kunena kuti, "Bwana, munalankhula Chichewa pa chimkuzamawu. Theka la anthu aja linamva lisanamve ine. Tiyeni titsike tikawafunse." Wapampando anati palibe chifukwa chopitira kutali chonsecho pa nkhani yomveka kale.

Ananditsitsa udindo n'kundibweza kwa Katunga kukayeza mvula m'chitini, ntchito imene ndinayamba nayo ndili mtsikana. Za a Zuze anati sanali wolembedwa ndi bungwe mwachindunji, anali waganyu, choncho bungwe silikhudzidwa. Munthu amene anaima pa khomo lawo ndi thupi lake. Makinawo anawatenga pa lole, galasi analitenga kwa mayi Fatima lili bwinobwino m'chitenje changa chomwecho, ndipo zonse anakaziika m'chipinda chosungiramo katundu. Sanazigwiritsenso ntchito.

Helena anandiimbira atamva. Analira pa foni, ndipo ndikukhulupirira kuti kulirako kunali koona. Anati akanadziwa akanandiuza yekha kuti nditseke, chifukwa miyeso ya kwa Mbenje inali yongothandizira, yambiri ankaitenga ku makina oyenda m'mlengalenga, ndipo masamu ake akanatha kukonzeka popanda ife. Ankafuna kunditonthoza. Ine ndinamva kuti diso la a Zuze linapita pa chinthu chimene ngakhale mwini wake sankachidalira. Ndinamufunsa kuti, "Munakhala kuno mwezi wathunthu. Bwanji simunafunse ngakhale kamodzi kuti bwana akuwauza chiyani anthu m'dzina lanu?" Anati sanaganizepo. Ndi yankho loona, ndipo silinandikwanire.

A Zuze anakhala zaka zingapo akuluka mitanga ndi diso limodzi. Bambo anu ankawatumizira ufa ndi mchere. Pa maliro awo panabwera awiri mwa anyamata aja, ali abambo tsopano, ndipo anakumba nawo manda. Ku bungwe sikunabwere munthu.

Blantyre, chaka changa chomaliza pa ntchito

Kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume, anandiitana ku msonkhano wa ogwira ntchito onse, mu hotela. Mlendo wolemekezeka anali a Kachingwe, atapuma kale, imvi zili mbuu, akuyenda ndi ndodo. Mutu wa nkhani yawo unali wa momwe tingafikitsire sayansi kwa anthu a kumidzi. Pakati pa nkhaniyo anati awasangalatse achinyamata ndi kankhani. Anafotokoza momwe anthu a ku Nsanje anaukira makina oyeza ozoni poganiza kuti akuba mvula. Anatsanzira ngakhale kalankhulidwe kathu. Chipinda chonse chinaseka. Anamaliza ndi kunena kuti umbuli ndi mdani wamkulu wa chitukuko.

Sindinakweze dzanja. Ndinangoimirira. Ndinati, "Ine ndine Rozina, amene ndinkayendetsa makina amenewo. Anthu aja sanalote. Anauzidwa pa chimkuzamawu kuti mvula aisiye m'manja mwathu, ndipo amene anawauza ndi bambo amene aima apowo. Nditawapempha kuti abwere adzakonze mawu awo anakana. Mlonda wathu dzina lake anali a Zuze. Anataya diso. Nkhani imene mukusekayi ndi yake."

Wina anatsokomola. Woyendetsa mwambo anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya tiyi yakwana, ndipo anthu anatuluka mofulumira, akupewa kudutsa pafupi ndi ine. Mtsikana mmodzi yekha, amene anali atangoyamba ntchito, anabwera kudzandifunsa kuti ndimuuzenso dzina la mlondayo.

Ndili pa mzere wa tiyi, a Kachingwe anandiyandikira ndi mbale ya masamosa m'manja. Analankhula motsitsa, mwaulemu, ngati munthu amene akupepesa mwana.

"Mayi Rozina, zaka zonsezi? Tonse takalamba tsopano. Mudakakwiyabe?"

"Eya, bwana," ndinatero. "Ndidakakwiyabe."

Ndinasiya kapu pa tebulo n'kupita ku depoti kukakwera minibasi ya ku Nsanje, kubwerera ku Chigwa.